Mafunso a owerenga: namondwe akamabwera, tichoke liti ndipo tinyamule chiyani?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo pafupifupi onse akufunsa za namondwe. Tasankhapo ochepa ndi kuwafupikitsa, ndipo mayina a eni ake tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Pa wailesi amanena kuti namondwe amabadwira pa nyanja yamchere, kutsidya kwa Mozambique. Ife kuno tili kutali ndi nyanjayo, ndipo Freddy uja anthu ambiri anawaphera ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, osati kwathu kuno. Kodi akamatiuza kuti tikonzeke sakungotiopseza chabe? Ndine bambo wa kwa Chimwala.

YANKHO: Bambo, zimene munamva pa wailesizo n'zoona. Namondwe amayamba pamene madzi a pamwamba pa nyanja yamchere atentha kufika madigiri 26 kapena 27. Nthunzi imakwera yochuluka, mpweya wa m'mbali umathamangira pamalo pamene yachoka nthunziyo, ndipo chifukwa dziko lapansi limazungulira, mpweyawo nawo umayamba kuzungulira ngati kamvuluvulu, koma kamvuluvulu wotambalala makilomita mazanamazana. Mphepo yake ikafika liwiro la makilomita pafupifupi 120 pa ola, akatswiri amati namondweyo wakhwima. Ku America amamutcha hurricane, ku Japan ndi ku Philippines amati typhoon, kuno amati cyclone, koma chilombo chake n'chimodzi. Ku chigawo chathu cha Indian Ocean nyengo yake imayamba pakati pa Novembala ndi kutha kumapeto kwa Epulo, yomwenso ndi nyengo imene nthaka yathu imakhala itakhuta kale mvula.

Akangofika kumtunda, namondwe amasowa madzi ofunda amene amamupatsa mphamvu, choncho mphepo yake imafooka. Anthu ambiri amanyengekera pomwepa. Mphepo imafookadi, koma madzi amene wasenza sabwerera nawo kunyanja. Amayenda nawo mpaka atapeza mapiri oti awakhuthulirepo, ndipo mapiri aakulu amene ali m'njira yake akachoka ku gombe la Mozambique ndi athu omwewa. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse, anamenya Madagascar, analowa Mozambique, anabwereranso panyanja kukatenga mphamvu zina, nadzalowanso kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Anakhala moyo masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku a zanyengo amene anakhalitsa chotero. Pamene ankafika kuno mphepo yake inali itachepa ndithu, koma omwalira ndi osowa pamodzi anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Chinawapha ambiri mwa iwo si mphepo ayi, koma madzi, matope ndi miyala yogumuka m'mapiri, chinthu chomwe makolo athu ankachitcha napolo. Boma la Mangochi linali m'gulu la maboma okhudzidwa, ngakhale kuti maliro ochuluka anali kummwera kwenikweni.

Tayang'anani mmene boma lathu lakhalira. Kummawa kuli mapiri a kwa Chowe ndi a ku Namwera, kumadzulonso kuli zitunda, ndipo pakati pali chigwa chimene Shire amadutsamo akatuluka m'nyanja, kupyola pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka kukalowa mu Malombe. Inu a kwa Chimwala mumakhala pansi pa mbale imeneyi. Mitsinje yochoka m'mapiri ndi yaifupi ndiponso yotsetsereka, kotero kuti mtsinje umene mmawa munauwoloka osavula nsapato ungathe kudzadza masana ndi mvula imene inu simunaione, chifukwa inagwera kumtunda. Kuwonjezera apo, nyanja ikadzadza monga inachitira mu 2024, pamene nyumba ndi malo ogona alendo a m'mphepete mwake anamira, mitsinje imasowa kothira madzi ake ndipo imabwerera m'midzi ndi m'minda. Madzi saiwala khwawa: funsani nkhalamba za m'mudzi mwanu kuti madzi anafikapo pati kale, ndipo ngati nyumba yanu ili kunsi kwa malowo, chenjezo la pa wailesi ndi lanu.

FUNSO: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kwa Makanjira pafupi ndi mtsinje. Chenjezo likamveka ine ndimafuna kuti tipite kusukulu kumene anthu amasonkhana, koma bambo a kunyumba amakana. Amati tikachoka, akuba atenga mbuzi, chimanga, ngakhale malata a padenga. Amatinso nthawi ina anatichenjeza chomwechi koma kunangowaza kamvula basi. Kodi nthawi yeniyeni yochokera ndi iti, ndipo ndiwauze bwanji bambowa?

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo pang'ono bambo a kunyumbawo. Mantha awo si opanda pake. Akuba alipodi, ndipo munthu amene wasonkhanitsa malata ake limodzilimodzi kwa zaka zitatu sangawasiye mosavuta. Mukayamba ndi kuwanena kuti ndi aliuma, nkhani yatha. Vuto lili pa kuganiza kuti pali njira ziwiri zokha, kukhala nonse kapena kuthawa nonse n'kusiya katundu yense. Kusamuka kwabwino kumachitika pang'onopang'ono, ndipo kumayamba kunja kukadali kouma.

Nthambi yoona zanyengo imayamba kulengeza za namondwe kukadali masiku angapo, iye akadali panyanja. Tsiku limene mwamva chilengezo choyamba si tsiku lothawa, ndi tsiku losamutsa chuma. Mbuzi zipite kwa m'bale wa kumtunda, matumba a chimanga ndi mpunga apite ku nyumba ya simenti ya munthu amene mumamukhulupirira, nkhuku zilowe m'chitete. Zimene bambowo akuopa kuti zibedwa zikachoka, chifukwa chawo chokhalira chachepa kale ndi theka. Chilengezo chikadzafika potchula Mangochi, kapena a komiti yoona za ngozi ya m'mudzi mwanu ndi amfumu akadzati anthu a m'madambo achoke, apite oyamba amene sangathe kuthamanga: ana, agogo, amayi oyembekezera, odwala ndi olumala. Apite masana, mvula isanalimbe. Ngati abambo a m'mudzimo akufuna kutsala kuti alondere, atsale pagulu, osati aliyense m'nyumba mwake, ndipo agwirizane chizindikiro chimene chikaoneka onse achoka popanda kukambirananso. Njira yapafupi ndiyo kukhoma chikhomo m'mphepete mwa mtsinje ndi kumangapo kansalu kofiira pamalo pamene madzi akafika ndiye kuti njira ya kumtunda yatsala pang'ono kutsekeka. Chikhomocho chiziyenderedwa mosinthana, ndi tochi, usiku wonse. Koma ine ndinganene kuti ngati mvula ikugwabe mwamphamvu dzuwa likamalowa, asadikire n'komwe chikhomo. Madzi obwera usiku amapeza munthu ali m'tulo, mdima uli bii, sakudziwa kumene kuli kozama.

Pali china chimene abambo otsala m'nyumba amachiiwala. Ndinaonapo ndi maso anga khoma la zidina likugonja mvula itagwa masiku atatu. Silinagwetsedwe ndi mphepo. Chinyezi chinayamba kunsi, mzere wakuda n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika cha m'mawondo. Dothi lozira linayamba kunyotsoka ngati chigumu chonyowa, chitseko chinayamba kukana kutsekeka, kenaka khomalo linangokhala pansi lonse, mwakachetechete, pamalo pomwe pankakhala mphasa ya ana. Munthu wolondera malata ali m'kati mwa nyumba yotere akulondera chinthu chimene chingamuphe.

Za chenjezo limene linapita pachabe, awuzeni bambowo chonchi. Namondwe samayenda mumsewu wa phula. Akatswiri amene amamutsata, kuyambira a ku chilumba cha La Réunion mpaka athu a ku Blantyre, amadziwa dera limene angadutse, koma iye angathe kupatuka makilomita makumi angapo, ndipo kupatuka kumeneko n'kokwanira kuti chimvula chigwere ku Niassa m'malo mwa kwa Makanjira. Akanati azidikira kuti atsimikize kotheratu, bwenzi chenjezolo likufika pamodzi ndi madzi. Mukachoka namondwe n'kupatuka, mwataya masiku awiri ogona pa simenti ya m'kalasi ndiponso mwina anzanu akusekani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Malo othawirako muwasankhe tsopano, ndipo akhale kutsidya kwanu komwe kuno kwa mtsinje. Sukulu yabwino imene ili kutsidya lina si yanu tsiku limenelo. Inu a kwa Makanjira mukudziwa bwino mmene msewu wanu umadukira mvula ikachuluka, ndiye musawerengere galimoto yochokera kuboma. Masiku oyamba mudzakhala nokha ndi anansi anu. Yendani njirayo ndi ana tsiku lina kunja kuli ngwee, aone pamene pali chigwembe, pamene pali mtengo waukulu, ndi pamene mudzakumane mukabalalikana. Ndipo ngati mwachedwa mpaka mwapeza madzi akuthamanga pa njira, musawoloke. Madzi othamanga ofika masentimita 15 okha, amene angobisa akakolo, amatha kugwetsa munthu wamkulu, nanji mayi wobereka mwana, nanji wa kabaza amene akuti akudziwa pamene pali mlatho. Bwererani pamalo okwera amene ali pafupi, ngakhale pachulu.

Zonsezi zikakanika, bambowo n'kukanabe, pemphani amfumu, a shehe kapena a mpingo kuti awalankhule, chifukwa mawu amene mwamuna amawakana kwa mkazi wake nthawi zambiri amawamvera kwa akuluakulu anzake. Akakanabe, inu tengani ana mupite. Pamenepo simunanyoze banja.

FUNSO: Nthawi ya Freddy tinathawa usiku ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo apongozi anga amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku anakhala masiku angapo osamwa. Kodi munthu wosauka ngati ine ndingakonzeretu chiyani? Ndine mayi wa kwa Mponda.

YANKHO: Pepani kwambiri ndi zimene munadutsamo, mayi. Chinthu choyamba kuchipeza si chikwama koma ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro cholimba. Ndowa silowa madzi, imasenzeka pamutu manja n'kutsala ogwira ana, ndipo mukafika kumene mukupita ndi yomweyo yotungira ndi kusungira madzi akumwa. Ikhale pafupi ndi khomo kuyambira Disembala, ndipo aliyense m'nyumbamo adziwe kuti si yotapamo.

Pansi pa ndowayo ikani mapepala, mutawakulunga m'majumbo awiri: ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala a anthu onse a m'nyumba, a kusikelo a ana, masatifiketi a sukulu, mapepala a malo ngati alipo, ndi buku lanu la banki m'khonde. Anthu ambiri amapeputsa mapepala, koma pamsasa chithandizo chimayamba ndi kalembera, ndipo wachipatala amene sakuwadziwa apongozi anu adzadziwa mankhwala awo poona m'buku. Kenaka mankhwalawo. Kaya ndi ma ARV, a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a khunyu kapena a TB, musalole kuti nyengo ya mvula ikupezeni mwatsala ndi a masiku awiri okha. Pitani kuchipatala tsiku lanu lisanapitirire, afotokozereni kuti kwanu kumadukira njira, ndipo a masiku angapo azikhala m'ndowamo, mukumawasinthanitsa ndi atsopano kuti asagonere.

Pa chakudya musaganize za nsima tsiku loyamba, pakuti nkhuni zidzakhala zonyowa. Ganizani zodya osaphika: mtedza wokazinga, chiponde, chimanga chokazinga, usipa wowamba, ndi kashuga ndi kamchere. Ufa pang'ono ndi kapoto kamodzi zingabwere pambuyo. Onjezani machesi m'kabotolo kotseka, tochi, sopo, botolo la WaterGuard, mapaketi angapo a Thanzi, masikito, zitenje ziwiri kapena zitatu, ndi zimene inu ndi atsikana anu mumagwiritsa ntchito mukakhala kumwezi, zomwe pamsasa zimasowa kuposa chakudya ndipo anthu amachita manyazi kuzipempha. Kawailesi ka mabatire n'kofunika kuposa mmene mungaganizire. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linakhala mumdima, ndipo foni yopanda moto siuza munthu kanthu. Mukamva chenjezo tchajani foni mpaka kudzadza, muziizimitsa pamene simukuigwiritsa ntchito, ndipo nambala za abale awiri kapena atatu muzilembe papepala.

Za ndalama, musasiye zonse mu Mpamba kapena mu Airtel Money. Netiweki ikagwa, kapena wothandizira kutapa ndalama nayenso akathawa, ndalama ya mufoni sigula ngakhale mtolo wa nkhuni. Sungani pang'ono za m'manja, zing'onozing'ono, monga ankachitira agogo athu pomanga pa mfundo ya chitenje. Chotsiriza, apongozi anuwo akhale ndi munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake tsikulo ndi kuwanyamula pa njinga kapena kuwagwira dzanja. Ntchito imene yasiyiridwa aliyense, pa chipwirikiti palibe amaigwira.

FUNSO: Ndili ndi boti la injini ndi ukonde wa chilimira, ndipo alovi anga, anthu ondigwirira ntchito m'boti, amadya tsiku limene tapha. Ife mwera timaudziwa ndipo timalowa nawo m'madzi. Akamaletsa kupita panyanja chifukwa cha namondwe, usipa umakwera mtengo padoko. Kodi namondwe ndi woopsa kuposa mwera? Ndine msodzi wa ku Msaka.

YANKHO: Achimwene, mwera mumaudziwa chifukwa uli ndi khalidwe. Umabwera nyengo yake yozizira, umachokera mbali imodzi, kumwamba kumakhala koyera, ndipo mumadziwa kuseri kwa phiri kapena kwa chilumba kumene mungabisale. Mphepo ya namondwe ilibe khalidwe limeneli. Popeza namondwe amazungulira uku akuyenda, mphepo imene madzulo inkachokera mbali ina ingasinthe pakati pa usiku, ndipo malo amene munabisalapo asanduka poyera. Imabweranso ndi chimvula chimene chimabisa mapiri ndi nyali za kumtunda, zomwe inu mumayendera, uku chikudzadza boti mofulumira kuposa mmene alovi angakapire. Boti lolemedwa ndi chilimira chonyowa, anthu khumi ndi madzi a mvula silifuna funde lalikulu kuti ligubuduke.

Kukwera mtengo kwa usipako ndikukumvetsa, koma taganizani kuti mvula ya masiku atatu usipawo mudzauyanika pa thandala liti. Muwerengerenso kuti amene akuika moyo pachiswe ndi alovi, pamene phindu lalikulu ndi la mwini boti. Mlovi sangakane bwana wake akati tiyeni, choncho mawu oletsa ayenera kuchokera kwa inu, ndipo zimayenda bwino komiti ya padoko ikagwirizana kuti palibe boti lotuluka, kuti wina asaone ngati mnzake akumudyera. Ngati mungathe, apatseni alovi kangachepe ka ufa ka masiku amenewo. N'kotchipa kuposa kugula injini ina.

Mukamva chenjezo, chotsani injini ndi thanki mukasunge kumtunda. Boti likokereni kutali kuposa mmene mumachitira masiku onse, mulimangirire ku mtengo wolimba, ndipo musalisiye pafupi ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja, chifukwa pamenepo pamatsika zitsa ndi mitengo yathunthu. Maukonde ndi nsomba zouma zichoke m'misasa ya pamchenga. Namondwe akadutsa mudzapemphedwa kuwolotsa anthu pa madzi osefukira, mwina ndi ndalama yabwino. Thandizani, koma osadzadza boti, osayenda usiku, ndipo amene alibe jekete yoyandamitsa agwire chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chotsekedwa bwino. Kumbukiraninso kuti madzi akasefukira ng'ona ndi mvuu zimafika mpaka m'minda ya chimanga.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ku Beira ndipo amakhala pafupi ndi nyanja. Ndikamva za namondwe sindigona. Ndimulangize chiyani? Ndine gogo wa ku Namwera.

YANKHO: Agogo, mwana wanuyo ali pamalo pamene namondwe amafika ndi mphamvu zake zonse, ndiye malangizo ake ndi osiyana ndi athu. Kugombe kuli zoopsa ziwiri zimene ife kuno sitiziona. Choyamba ndi mphepo yeniyeni, yotha kusasula denga lathunthu ndi kuulutsa malata ngati mipeni. Chachiwiri, chomwe chimaposa mphepoyo, ndi kukwera kwa nyanja: mphepo imakankhira madzi amchere kumtunda, ndipo zikakumana ndi nthawi imene nyanja imakhala yodzadza kale, madziwo amalowa m'misewu ndi m'nyumba mofulumira kwambiri. Beira ndi mzinda wa pansi, mbali zina zili pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja. Idai atafika kumeneko usiku wa pa 14 Malichi 2019, mzindawo unakhala masiku angapo wopanda magetsi, wopanda foni ndiponso msewu wotulukira utaduka, ndipo mitsinje ya Buzi ndi Pungwe itasefukira anthu anakhala padenga ndi m'mitengo kudikira owapulumutsa.

Muuzeni kuti azitsata zolengeza za INAM, amene amaona zanyengo ku Mozambique, ndi za INGD, amene amaona za ngozi. Ngati Chipwitikizi sachimva bwino, apeze mnansi womumasulira, ndipo asachite mantha kupita ku malo othawirako chifukwa choti ndi mlendo. Akauzidwa kuti a m'dera lake achoke, achoke tsiku lomwelo misewu isanadzadze, apite ku nyumba yolimba ya simenti yomwe ili pokwera ndiponso kutali ndi gombe ndi mitsinje. Kumeneko akhale m'chipinda cha m'kati, kutali ndi mawindo. Atunge madzi akumwa a masiku angapo mipopi isanaume, ndipo pasipoti ndi mapepala ake azikhala nazo pathupi.

Pali msampha umodzi umene muyenera kumuuza mobwereza. Pakati pa namondwe pali malo abata otchedwa diso. Diso likamadutsa, mphepo imaleka mwadzidzidzi, mvula imakata, mwina ngakhale nyenyezi zimaoneka, ndipo anthu amatuluka kukatola malata poganiza kuti zatha. Pakapita kanthawi mphepo imabwereranso ndi ukali womwewo, koma kuchokera mbali ina. Asatuluke mpaka akuluakulu a boma atalengeza.

Kwa inu agogo, gwirizanani naye kuti akuimbireni namondwe asanafike, akuuzeni kumene akupita ndi dzina la amene ali naye. Pambuyo pake foni yake ikakhala chete masiku awiri kapena atatu, musayambe kulira maliro. Kawirikawiri imakhala netiweki imene yagwa. Uthenga wolemba umadutsa msanga kuposa kuimba.

FUNSO: Kodi kusanjika miyala ndi njerwa padenga kumathandiza? Ndine mnyamata wa ku Malindi.

YANKHO: Kumathandiza pa kamphepo ka masiku onse, koma pa mphepo yamphamvu miyala yomweyo imatsika ndi lata n'kugwera anthu. Denga limasasuka chifukwa mphepo yalowa kunsi kwake ndi kulinyamula, ndiye mankhwala ake ndi kulimangirira pansi. Mangani mitanda ya denga ku khoma ndi waya wolimba wodutsa mizere ingapo ya njerwa, khomani misomali yowonjezera m'mphepete mwa malata, ndipo tsekani mipata ya pakati pa khoma ndi denga. Ngati mukumanga yatsopano, denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Sadzani nthambi za mango zimene zaweramira nyumba, ndipo kumbani ngalande kuti madzi asaime m'tsinde mwa khoma.

FUNSO: Mvula ikakata, tingabwerere liti kunyumba? Pamsasa pamakhala pothinana ndipo ana amadwala. Ndine mphunzitsi wa kwa Nankumba.

YANKHO: Aphunzitsi, ndikudziwa kuti nanunso mumafuna makalasi anu abwerere mwakale, koma akale anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Dzuwa likawala sindiye kuti mitsinje yaphwa, pakuti madzi a m'mapiri amakhala akutsikabe. Dikirani mawu a komiti ya ngozi kapena a kwa DC, ndipo akayambe kupita akuluakulu okha, masana. Asanalowe m'nyumba aizungulire kunja: khoma limene lachita mng'alu, lapendekeka kapena lili lonyowa kunsi lingagwe patapita masiku mvula itakata kale, ndiye musagonemo mpaka liume ndi kuonedwa ndi mmisiri. Mawaya a magetsi ogwa pansi asakhudzidwe, ndipo katundu azisunthidwa ndi ndodo poyamba, chifukwa njoka nazo zimathawira m'nyumba.

Choopsa chachikulu cha masabata otsatira ndi madzi akumwa. Zimbudzi zikasefukira, zonse zimakathera m'zitsime, m'mitsinje ndi m'mphepete mwa nyanja momwe timatunga. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Madzi onse akumwa, ngakhale a pamjigo umene unamira, awiritsidwe kapena athiridwe klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, ndipo pamsasa pakhale mpondagiya ndi sopo pafupi ndi chimbudzi. Chakudya chimene chakhudzana ndi madzi osefukira chitayidwe, ndiponso nyama ya chiweto chofera m'madzi isadyedwe, ngakhale kuti n'zowawa kutaya.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, ayambe kumwa Thanzi nthawi yomweyo uku akupita naye kuchipatala. Thanzi akasowa, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono njira yonse. Pakatha masabata awiri kapena atatu yembekezerani malungo, chifukwa zithaphwi zimakhala zaswa udzudzu. Masikito apachikidwe ngakhale m'kalasi momwemo, pomangirira ku mawindo ndi ku madesiki, ndipo mwana aliyense wotentha thupi akayezedwe tsiku lomwelo.